Makhadi Asanu ndi Anayi a Choko Chatha

Namitete, chaka chino

Ana anga, mumandiseka kuti bambo wanu, munthu amene ndinkanyoza mafoni kuti anapha positi, lero sindichoka pa gulu la pa foni la okonda nyimbo zakale. Sekani ndithu, koma gululo ndi limene landikakamiza kulemba mutu uno, umene ndakhala ndikuulumpha chiyambire kulemba mbiri yangayi. M'gulumo tilimo madoda ndi amayi opuma pantchito a kuno ku Namitete, ku Msundwe mpaka ku Nsaru, ndipo ntchito yathu yaikulu ndi kukangana za amene ankaidziwa gitala ndi kuuzana amene watisiya. Mwezi wathawu mlembi wathu analengeza kuti kwa mkulu wina ku Msundwe kwapezeka mbale yakale ya nyimbo m'sutikesi, ndipo wailesi ya m'dera lathu idzaiika Loweruka lina masana. Anawonjezera kuti ndi ija ya chitsokomolo. Anzanga anasangalala mpaka kutumizirana tizithunzi tovina. Ine ndinangoika foni pansi.

Nyimboyo simukuidziwa. Anaimba ndi amuna awiri, wina ndi gitala, wina akugogoda botolo ndi msomali. Imakamba za munthu wochokera ku migodi amene wazindikira kuti wafika kwawo ndi fungo la mvula yoyamba pa dothi lofiira. Chapakati, gitala ikangodukiza, mmodzi wa oimbawo amatsokomola, ndipo ojambula sanachotse. N'chifukwa chake tinkaitchula choncho. Ndinali ndisanaimve kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo sindinkafuna kuimvanso.

Positi yanga yoyamba, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Nditamaliza maphunziro a ntchito ananditumiza ku kapositi kakang'ono pa malo ena amalonda pakati pa Nsaru ndi Kabudula. Dzina la malowo ndilisiya, chifukwa adzukulu a ena otchulidwa muno akadali pomwepo. Inali nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi kauntala ya matabwa ndi sikelo, ndipo panja panali mtengo wa mbendera. Bwana wanga anali a Chikuse, mkulu wa mpingo, munthu wamtali wosaseka ndi aliyense asanamwe tiyi. Tsiku loyamba sanandifunse kwathu kapena ngati ndadya. Anangondiika chidindo m'manja, nandiuza kuti lamulo la m'nyumbamo ndi limodzi: chinthu chikamatidwa sitampa sichikhalanso cha wolemba, si cha kalaliki, ndi cha amene akuchiyembekeza, ndipo chiyenera kupita. Zinazo anati ndidzaphunzira ndi zolakwa zanga.

Zosowa zinali zambiri. Inki ya chidindo ikatha tinkathira madontho a madzi mpaka tsiku lisakuwerengekanso. Chingwe chomangira matumba tinkachita kulumikiza. Basi yotenga thumba la makalata inkabwera Lolemba ndi Lachinayi, ndipo nyengo ya dzinja inkabwera ikafuna. Koma chimene chinkatidanitsa ndi anthu chinali makhadi. Ankabwera mwa apo ndi apo, moti a Chikuse analamula kuti munthu mmodzi asapitirire awiri.

Inu simunazione zimenezi, ndiye ndifotokoze. Loweruka lililonse masana pa wailesi pankakhala pulogalamu ya moni. Munthu ankalemba pa khadi mayina a amene akuwapatsa moni ndi nyimbo imene akufuna, n'kudikira masabata awiri kapena atatu kuti amve dzina lake. Aliyense anali ndi dzina la pa wailesi. Telala wathu anali Singano Yathyoka, wa pachigayo anali Gaga Mkutu. Muulutsi kutali uko sankadziwa kuti amenewa ndani, koma ife tonse tinkadziwana. Wailesi yamphamvu inali pa khonde la telala, ndipo mabatire ake ankayanikidwa padzuwa kuyambira m'mawa kuti afike kumapeto kwa pulogalamu.

Wokonda makhadi kuposa onse anali a Fanuwelo, mphunzitsi wa Sitandade 6 pa sukulu ya mpingo, amene pa wailesi anali Choko Chatha. Ankapatsa moni anthu awiri okhaokha, akazi awo a Nachisale ndi amayi awo a Nangondo, ndipo nyimbo inkakhala imodzimodziyo, ya chitsokomolo. Tinkawaseka kuti akuwononga sitampa popatsa moni anthu amene amadya nawo m'mbale imodzi. Iwo ankati moni wa pakhomo amamva ndi nkhuku zokha, koma wa pa wailesi amamva ndi dziko lonse. Ankandiposa zaka zochepa, ndipo ndi iwo okha pa malopo amene ankanditchula dzina langa, Yotamu. Ena onse ankangoti a Positi.

Nyengo yozizira ya chaka changa chachiwiri, sukulu inkakonzekera chikondwerero cha ufulu. Tsiku lina ndinapititsa makalata kusukuluko ndipo ndinapeza ana ali pamzere, akuimba nyimbo yomwe ija ya mvula ndi dothi lofiira. Tcheyamani wa chipani anali ataima pambali, manja kumbuyo. Ana atamaliza anafunsa mofatsa kwambiri.

"Aphunzitsi, kodi nyimbo imeneyi ikutamanda ndani?"

"Ikutamanda dothi, mvula ndi amayi otibereka," anatero a Fanuwelo. "Dziko si limeneli?"

Tcheyamani anangogwedeza mutu ngati wagwirizana nazo, n'kumapita. Aphunzitsi ena onse anayang'ana pansi, ndipo ine ndinasiya makalata pa tebulo osadikira kuti asayinidwe.

Lolemba lotsatira a Fanuwelo anabwera a Chikuse atapita kukachingamira basi. Anapempha makhadi asanu ndi anayi. Ndinawakumbutsa lamulo la awiri, iwo nati njinga yawo yafa ndipo sadzatha kumabwera pafupipafupi. Nyumba yawo inkaoneka munthu ali pakhomo pa positi, koma ine sindinafunse. Ndinawapatsa. Analemba onse ataima pa kauntala, osafulumira, kumata masitampa, n'kundiuza kuti ndizitumiza limodzilimodzi motsatira mmene awasanjira. Loyamba ndinalidinda pomwepo n'kuliponya m'thumba. Enawo ndinawaika m'dirowa.

Lachitatu masana, dzuwa lili pamutu, galimoto inaima pasukulu. Amuna awiri analowa m'kalasi, natuluka ndi a Fanuwelo choko chidakali m'manja. Panalibe kukuwa kapena kumenyana. Pa bolodi panatsala chiganizo chosamaliza, ndipo palibe mphunzitsi amene analimba mtima kuchifufuta kapena kuchimaliza. Amene analowa m'malo mwawo ankalemba mozungulira, mpaka mvula yodontha inachichotsa. Kuyambira tsiku limenelo dzina la a Fanuwelo linatha pakamwa pa anthu. Ngakhale kutchalitchi silinkatchulidwa popempherera odwala ndi a paulendo.

Loweruka la moni

Patapita masabata atatu tinali pa khonde la telala monga mwa nthawi zonse. Ine za khadi lija ndinali nditaiwala, chifukwa mantha amaiwalitsa. Anthu anali ambiri, ena atakhala pa njerwa, ena atatsamira njinga, ndipo a Nangondo anali pa mphasa chapatali ndi amayi anzawo. Muulutsi anawerenga makhadi angapo, kenako ndi mawu ake osangalala aja anati Choko Chatha akupereka moni kwa a Nachisale ndi a Nangondo, akuti ali bwino, asamudere nkhawa, ndipo awaikire ija ya masiku onse.

Makina a telala anaima. Palibe anayang'ana mnzake. Gitala inayamba, botolo likugogoda, ndipo pamene woimba uja anatsokomola mayi wina anabisa nkhope m'chitenje, chifukwa a Fanuwelo nawonso ankatsokomola chimodzimodzi ndi fumbi la choko. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, kusiya nyimbo ikuimbira mipando. A Nangondo okha anakwawa ndi maondo kufika pafupi ndi wailesi, naomba m'manja mwaulemu.

"Ndili bwino, mwana wanga," anatero. "Kaya iwe kumeneko."

Madzulo a tsikulo, nditatseka mazenera, ndinatulutsa makhadi otsala n'kuwawerenga onse, chinthu chimene wa positi sayenera kuchita. Asanu ndi awiri anali ofanana ndi loyamba. La pansi penipeni linali losiyana. Linkati Choko Chatha akupereka moni kwa Yotamu wa pa positi, amene sanataye ngakhale limodzi. Pamenepo ndinazindikira kuti njinga sinafe. Munthuyo ankadziwa kumene akupita, ndipo anasankha ine kuti ndizimuyankhulira.

Lolemba a Chikuse anatsegula dirowa pofuna chingwe ndipo anawaona. Anawayang'ana nthawi yaitali, natseka. Ndinkayembekeza kuti andiuza kuti ndiwotche, ndipo kunena zoona ndinkalakalaka atatero. M'malo mwake anati iwo ali ndi ana asanu ndi mmodzi ndipo sanaone kanthu. Atafika pakhomo anatembenuka.

"A Positi, pali masitampa pamenepo, eti?"

"Alipo, bwana."

"Ndiye lamulo mukulidziwa. Koma chidindo changa chisakhudzepo."

Ankatanthauza kuti khadi liziponyedwa m'thumba losadinda, kuti akalidindire kutauni ndipo pasaoneke kumene lachokera. Nzeru imeneyi inatipulumutsa, chifukwa Lachinayi lomwelo amuna awiri aja anabwera. Anafunsa amene amatumiza makhadi a Choko Chatha. A Chikuse anayankha kuti khadi lija linaponyedwa mwiniwake asanachoke, zimene zinali zoona, ndipo anawapatsa tiyi. Ine ndinali kusanja makalata nditaweramitsa mutu. Dirowa linali pafupi ndi bondo la mmodzi wa iwo nthawi yonseyo.

Ndikanatha kusiya pamenepo. Chimene chinandigonjetsa ndi a Nangondo. Anabwera ku positi ndi kamtanga ka mtedza, nandifunsa ngati khadi limaonetsa kumene lachokera. Ndinati ayi, makhadi a ku wailesi sabwereranso kuno. Iwo anati palibe kanthu, bola ali moyo, ndipo mtedzawo ndidye ine poti mwiniwake sangaulandire. Atatuluka ndinatenga khadi lachiwiri. Sindinganame kuti kunali kulimba mtima. Ndinkangoopa nkhope ya mayi uja kuposa mmene ndinkaopera galimoto.

Ndinkatumiza motalikitsa, limodzi pa miyezi itatu kapena inayi. Nthawi iliyonse khonde la telala linkakhala zii, ndipo nthawi iliyonse a Nangondo ankayankha. Nkhani zinabuka. Ena ankati a Fanuwelo anathawira ku Zambia, ena ankati pali msilikali wa ndende wachifundo. Analiponso onena motsitsa mawu kuti munthu wofa wopanda maliro sagona, amangoyendayenda kufuna wom'tchula. A Nachisale ankabwera kudzamvera, atabereka mwana, koma sankayankha kapena kulira. Ankangondiyang'ana ine kamodzi, n'kubwerera kwawo.

Chaka chachitatu akuluakulu a banja anakhala pansi. Anati munthu wotengedwa motero sabwerera, ndiye kuli bwino amete maliro ngakhale popanda mtembo, amusudzule Nachisale abwerere kwawo, poti anali akadali mtsikana. A Nangondo anakana kwamtuwagalu. Anafunsa kuti munthu amene wapereka moni mwezi wathawu angamumetere bwanji, kapena akufuna kumupha ndi lumo. Zosudzulazo zinathera pomwepo. Nkhaniyi ndinaimva pa kauntala, kwa anthu ogula masitampa, ndipo sindinaulule zimene ndinkadziwa. Walira mvula walira matope. Matopewo anagwera munthu wina, osati ine.

Mpingu ndi Nambuma, zaka zotsatira

Pamene ankandisamutsira ku Mpingu, makhadi asanu ndi atatu anali atapita. Linatsala limodzi lija la dzina langa. Kulitumiza kunali kudzipereka ndekha, ndipo nthawi imeneyo ndinali nditakwatira amayi anu, iwe woyamba uli m'manja. Ndinalibisa m'chikuto cha buku langa la nyimbo za mpingo. Koma kusiyiratu sindinathenso. Ndinkaganiza za a Nangondo atakhala pa mphasa Loweruka ndi Loweruka osamva kanthu. Choncho ndinagula khadi latsopano n'kulemba ndekha m'dzina la Choko Chatha. Ndinkachita zimenezi kamodzi pa chaka, nyengo yozizira. Muulutsi sankadziwa kalembedwe ka munthu, ndiye panalibe chifukwa chokopera. Komabe ndikayamba kulemba, zilembo zanga zinkapendekera kumanja ngati za a Fanuwelo, ndipo ndikamaliza dzanja linkazizira mpaka m'chigongono.

Ntchito inkayenda bwino. Ndinakwezedwa, ndinakhala ndi ondiyang'anira abwino ndi ena ongodziwa kukalipa, ndipo ku Nambuma ndinali bwana ndekha. M'mawa uliwonse ndinkakweza mbendera nditaima njo, ndipo pa zikondwerero ndinkaimba mokweza ngati wina aliyense. Musaganize kuti zonsezo zinali zachiphamaso. Dzikoli ndinkalikonda. Ndinkanyadira kuti kalata yochokera pamudzi wopanda msewu imafika ku migodi. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Koma ndinkadzifunsa kuti pakati pa ine woimba pa mbendera ndi munthu uja amene anati dziko ndi dothi, mvula ndi amayi, wokonda dziko anali ndani. Yankho ndinkalidziwa, n'chifukwa chake funsolo ndinkalithawa.

Chaka china ndili ku Nambuma ndinadwala chibayo ndipo ndinagona m'chipatala nyengo yonse yozizira. Amayi anu akukumbukira. Khadi sindinalembe, ndipo ndinaganiza kuti mwina Mulungu wandimasula. Loweruka lina masana wodwala wa bedi loyandikana nane anatsegula kawailesi kake. Ndinali gone, ndikuyang'ana kudenga, pamene ndinamva muulutsi akuti Choko Chatha akupereka moni kwa a Nachisale ndi a Nangondo, akuti ali bwino. Gitala inayamba. Ndinapempha amayi anu kuti athamangire kunyumba akaone m'buku la nyimbo, osawauza chifukwa. Anabwera nalo bukulo, ndipo khadi linali momwemo. A Chikuse anali atamwalira kale. Panalibenso munthu wamoyo amene ndinkamudziwa kuti angalembe. Anamwino anati malungo akwera, koma ine ndinkadziwa chimene chinkandinjenjemeretsa. Ndinakhulupirira kuti mwiniwake waona kuti ndalephera, ndipo walemba yekha.

Kuyambira pamenepo sindinaphonyenso chaka. Ndinasiya nditamva kuti a Nangondo amwalira, patapita zaka khumi ndi chimodzi mwana wawo atatengedwa. Anandiuza kuti anapempha kuti wailesi ikhale pafupi ndi mphasa yawo mpaka tsiku lomaliza. Posakhalitsa ndale zinasintha, ndende zinatseguka, ena anabwerera kwawo, koma a Fanuwelo sanabwere ndipo palibe ananena kumene anagona. Nthawi imeneyo ndikanatha kutumiza khadi lija popanda choopa. Sindinatumize. Mantha a galimoto anali atatha, koma panatsala manyazi. Mawu aja akuti sanataye ngakhale limodzi sindikanatha kuwamva akuwerengedwa.

Kabudula, masabata awiri apitawo

Uthenga wa pa foni uja utabwera ndinakhala masiku awiri osadya bwino. Tsiku lachitatu ndinatenga buku la nyimbo, kukwera minibasi, kenako njinga yamoto, mpaka kumudzi kwa a Nachisale kufupi ndi Kabudula. Anasudzulidwa apongozi awo atamwalira, ndipo sanakwatiwenso. Ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza, mutu uli mbuu. Anandizindikira ndisanatsike n'kutsika komwe, nandipatsa mpando, nandifunsa za moyo wa ana ndi adzukulu mmodzimmodzi, ngati tinaonana dzulo. Ine ndinalephera kuzungulira. Ndinawauza zonse, za dirowa, za makhadi olemba ndekha, ndi kuti ndine ndinachititsa kuti asasudzulidwe. Ankangosenda mtedza osakweza mutu.

"A Positi," anatero nditamaliza, "tsiku lomwe analemba makhadiwo anandiuza. Anati ndasiya asanu ndi anayi kwa Yotamu. Ine ndinkawerenga. Ndinafika pa asanu ndi atatu, kenako kunayamba kubwera anu."

Ndinafunsa kuti anadziwa bwanji kuti ndi anga. Anati amuna awo sankayamba ndi dzina la amayi awo, ankayamba ndi la iwo, koma ine ndi ulemu wanga wa mpingo ndinkatsogoza akuluakulu. Anaseka pang'ono. Ndinafunsanso chifukwa chimene sananenere pa bwalo la akuluakulu a banja lija, pamene mawu awo amodzi akanawamasula.

"Ndikananena, galimoto ikanabwera kwa inu. Komanso apongozi anga akanafa chaka chomwecho." Anasiya kusenda. "Musaganize kuti sindinakudeni. Ndinakudani kwambiri. Utsikana wanga unathera pa khonde la telala. Koma dzina lija linali litaletsedwa paliponse, ngakhale mu tchalitchi, ndipo kamodzi pa chaka linkamveka dziko lonse. Amene anawatenga nawonso anali ndi mawailesi."

Ndinawauza za moni uja ndinaumva ndili m'chipatala. Anandiyang'ana modabwa. Anati chaka chimenecho anadikira mpaka nyengo yozizira itatsala pang'ono kutha, ndipo apongozi awo anayamba kukana chakudya. Atamva kuti ndikudwala, anayenda pansi mpaka ku Nsaru n'kukaponya khadi okha. Ndinaseka, kenako ndinalira, munthu wamkulu pakhonde la eni. Zaka zonsezi ndinkaopa mzimu, pamene wolembayo anali mayi amene ine ndinamumanga.

Ndinatulutsa khadi lija n'kuwapatsa kuti asunge, poti ndi zolemba zomaliza za amuna awo. Analigwira m'mphepete ndi manja onse awiri. Linali litafiira, ndipo pa sitampa panali nkhope ya mtsogoleri wa nthawi imeneyo. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, nasisita zilembo ndi chala. Kenako anandibwezera.

"Si langa ili. Lili ndi sitampa, ndipo silinafike. Ndakhala ndikulidikira zaka zonsezi kuti ndidziwe kuti amaliza kuyankhula."

Loweruka lapitali

Khadilo ndinalipititsa ndekha ku wailesi, pamanja. Mayi woyendetsa pulogalamu anali asanagwirepo khadi la moni chibadwire, poti masiku ano anthu amangoimba foni. Analitembenuza uku ndi uku, nafunsa ngati Choko Chatha adzakhale akumvera. Ndinati sindikudziwa.

Loweruka masana ndinali pakhonde la a Nachisale, wailesi ili pa mpando pakati pathu. Anzanga a m'gulu anali akutumizirana mauthenga osaleka, ndiye foni ndinaizimitsa. Kunali mphepo yozizira, ndipo pamudzi panali zii chifukwa anthu anali kudimba. Mayi wa pa wailesi uja anafotokoza za mbale yopezeka m'sutikesi, kenako anati ali ndi khadi lakale limene lachedwa panjira. Analiwerenga monga linalembedwera. Choko Chatha akupereka moni kwa Yotamu wa pa positi, amene sanataye ngakhale limodzi.

Gitala inayamba, mbale ikuthetheka ndi ukalamba. Botolo linagogoda. Pamene gitala inadukiza, chitsokomolo chija chinamveka pafupi kwambiri, ngati cha munthu woima kuseri kwa chitseko, moti tonse awiri tinatembenuka. Panalibe munthu. A Nachisale anandiyang'ana, nandikumbutsa motsitsa mawu kuti kwathu kuno munthu akapatsidwa moni amayankha.

Maondo anga ndi owuma, mukudziwa, koma ndinatsika pa mpando. Ndinaomba m'manja monga ankachitira a Nangondo.

"Ndili bwino, aphunzitsi," ndinatero. "Pepani kuchedwa. Lomaliza lafika."